Momwe mungaphunzitsire za kugawikana kwa ufumu wa Israele ndi cholinga cha Mulungu

Munthu akapatsidwa udindo wophunzitsa za kugawikana kwa ufumu wa Israele, kaya ndi pa guwa, ku Sande sukulu kapena pa mapemphero a m'mudzi, kawirikawiri amathamangira pa 1 Mafumu 12, nadzudzula Rehobowamu, mwana wa Solomoni, chifukwa chonyoza malangizo a nkhalamba, kenaka n'kumaliza ndi mwambi uja wakuti mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Phunzirolo si lolakwika, koma limalumpha vesi 15, pamene wolemba akunena kuti mfumu sinamvere anthu chifukwa zimenezi zinachokera kwa Yehova, kuti akwaniritse mawu amene analankhula kudzera mwa Ahiya wa ku Silo. Kuti muphunzitse vesi limeneli popanda kupotoza, mufunika kukonzekera mwa njira ina.

Musayambire pa mutu 12. Tengani pepala, muligawe pawiri, mbali ina muzilemba zimene anthu anachita, inayo muzilemba zimene Mulungu ananena, ndipo mubwerere m'mbuyo kufikira pa Deuteronomo 17:14-17, pamene mfumu ikuletsedwa kudzichulukitsira akavalo, akazi, siliva ndi golide. Mukatero werengani 2 Samueli 7:12-16, pamene Mulungu akulonjeza Davide kuti mwana wake akadzalakwa adzamulanga ndi ndodo, koma sadzamuchotsera chifundo chake monga anachitira ndi Saulo. Ndime ziwirizi ndizo muyeso wa nkhani yonse, popeza yoyamba ikusonyeza mlandu wa Solomoni, ndipo yachiwiri ikuika malire a chilango chake iye asanabadwe n'komwe.

Pa 1 Mafumu 11 ndi pamene muyenera kukhalitsa. Mutuwu umatchula akazi 700 achifumu ndi akazi aang'ono 300, koma musalole kuti ophunzira angozizwa ndi chiwerengerocho, chifukwa mlandu weniweni ndi wakuti mtima wa Solomoni unapatuka, natsata milungu yachilendo, Asitoreti wa anthu a ku Sidoni ndi Milikomu wa Aamoni, namangira Kemosi malo opembedzerapo pa phiri loyang'anana ndi Yerusalemu, ngakhale Mulungu anali atamuonekera kawiri. Tsono werengani mavesi 11 mpaka 13 ndi 29 mpaka 39 mokweza, ndipo paliponse pamene Mulungu akuchepetsa chilango mulembe mzere. Mupeza kuti ufumu udzang'ambidwa, koma osati Solomoni ali moyo. Mupezanso kuti sudzang'ambidwa wonse, chifukwa fuko limodzi lidzatsalira mwana wake, ndipo chifukwa chake chatchulidwa mobwerezabwereza, kuti ndi Davide ndi Yerusalemu, mzinda wosankhidwa. Vesi 36 likuti Davide akhale ndi nyale pamaso pa Mulungu masiku onse, pamene vesi 39 likuti zidzukulu za Davide zidzazunzidwa, koma osati mpaka muyaya. Mukaika mizere imeneyi pamodzi, ophunzira aona okha kuti chigamulo chimodzi chomwecho chinali kulanga nyumba ya Davide ndi kuisunga. Ine ndimaona kuti amene waphunzitsa za chilango chokha waphunzitsa theka la mutuwu, ndipo theka limene walisiya ndi limene wolemba analibwereza koposa.

Ngati mungathe, bwerani ndi nsalu kapena pepala lalikulu, muling'ambe zidutswa 12 monga anachitira Ahiya ndi chovala chake chatsopano atakumana panjira ndi Yerobowamu, amene anadzakhala mfumu ya mafuko a kumpoto, mupatse munthu mmodzi zidutswa 10. Wina adzafunsa ndithu kuti mafuko 10 kuphatikizapo limodzi akukwana bwanji 12. Muyankheni kuchokera pa 12:21, pamene Benjamini akuoneka ali pamodzi ndi Yuda, ndipo mungawonjezere kuti cholowa cha Simeoni chinali m'kati mwa dziko la Yuda (Yoswa 19:1), pamene Alevi analibe dziko laolao. Musataye nthawi yambiri pa funsoli.

Tsopano dzazani mbali ina ya pepala lija, ya zochita za anthu, chifukwa Baibulo silibisa kuti kugawikanaku kunali ndi zifukwa zooneka ndi maso. Solomoni analemba amuna 30,000 a thangata, amene ankapita ku Lebanoni 10,000 pa mwezi, nagawa dziko kwa akapitao 12 oti aliyense adyetse nyumba ya mfumu mwezi umodzi pa chaka. Mawu akuti thangata safuna kumasulira kwa Mmalawi amene anamva kwa agogo ake za minda ya atsamunda, ndipo akuthandizani kufotokoza chifukwa chake Adoramu, kapitao wa thangatayo, anaponyedwa miyala mpaka kufa pamene Rehobowamu anamutuma kwa anthu okwiya kale. Yerobowamu mwiniwake anali woyang'anira thangata ya nyumba ya Yosefe asanathawire ku Ejipito. Komanso mng'alu pakati pa kumpoto ndi kumwera sunayambe tsiku limenelo. Davide analamulira Yuda yekha ku Hebroni zaka 7 ndi miyezi 6 mafuko enawo asanamulandire, ndipo mfuu imene mafuko a kumpoto anafuula ku Sekemu pokana Rehobowamu, yakuti alibe gawo mwa Davide, inali itamveka kale pakamwa pa Seba mwana wa Bikiri pa 2 Samueli 20:1.

Apa ndi pamene pali povuta, ndipo mphunzitsi ayenera kuchenjera. Ophunzira adzafunsa kuti ngati zinachokera kwa Mulungu, Rehobowamu analakwanji? Musayankhe ndi nzeru za m'mutu mwanu, koma abwezereni ku nkhaniyo. Rehobowamu anali ndi zaka 41, sanali mwana. Anapempha masiku atatu, anafunsa magulu awiri, anamva malangizo abwino, ndipo anasankha yekha kunena kuti atate ake anawakwapula ndi zikoti koma iye adzawakwapula ndi zinkhanira. Palibe vesi limene likunena kuti anakakamizidwa. Wolemba akuika zinthu ziwirizi pafupi, kudzikuza kwa mfumu ndi mawu a mneneri, ndipo sakuchotsa chimodzi kuti chinzake chiime. Inunso musachotse. Kenaka werengani 12:21-24, pamene Rehobowamu anasonkhanitsa asilikali 180,000 kuti abweze ufumu, koma Semaya, munthu wa Mulungu, anawauza kuti asamenyane ndi abale ao popeza chinthucho chinachokera kwa Yehova. Onetsani ophunzira mawu akuti abale, chifukwa akusonyeza kuti pamaso pa Mulungu maufumu anali awiri koma mtundu unali umodzi.

Chinthu chimene ambiri amachiphonya chili pa 11:38. Mulungu sanangogwiritsa ntchito Yerobowamu ngati mkwapulo woti autaye akamaliza, koma anamulonjeza nyumba yokhazikika ngati ya Davide, malinga akanamvera malamulo ake. Yerekezani lonjezoli ndi 12:26-33, pamene Yerobowamu akuopa mumtima mwake kuti anthu akamapita kukapereka nsembe ku Yerusalemu adzabwerera kwa Rehobowamu, napanga anaang'ombe awiri agolide, wina ku Betele wina ku Dani, naika ansembe osachokera mwa Alevi, nayambitsa chikondwerero chake pa tsiku la 15 la mwezi wachisanu ndi chitatu. Funsani ophunzira kuti apeze vesi limene Mulungu analamula zimenezi, ndipo sadzalipeza. Mulungu anagawa mpando wachifumu, koma amene anagawa chipembedzo ndi Yerobowamu, ndipo Ahiya yemwe uja ndiye akulengeza kutha kwa banja lake pa mutu 14. Buku la 2 Mbiri 11:13-17 likuwonjezera kuti ansembe ndi Alevi anasiya malo ao kumpoto nasamukira ku Yuda. Mfundo imeneyi ikuthandizani pamene wina afuna kugwiritsa ntchito mawu a Semaya poikira kumbuyo kugawanika kwa mpingo, chinthu chimene chimachitika ndithu. Semaya ankanena za ufumu umodzi umene mneneri anali atautchula kale, ndipo mawu akewo anali oletsa abale kumenyana.

Kuti ophunzira aone ngati cholingacho chinakwaniritsidwa, jambulani mizere iwiri pa bolodi, kuyambira cha m'ma 930 BC. Pafupi ndi poyambira lembani kubwera kwa Sisaki mfumu ya Ejipito m'chaka chachisanu cha Rehobowamu, amene anatenga chuma cha m'Nyumba ya Mulungu. Akatswiri ambiri amati iyeyu ndiye Shoshenq I, amene mndandanda wa mizinda ya ulendo wakewo unazokotedwa pa khoma la kachisi ku Karnak, ku Ejipito. Mzere wa kumpoto uthere pa 722 BC, pamene Asiriya anagonjetsa Samariya, likulu la ufumu wa kumpoto, ndipo pa mzerewu pali mafumu 19 ochokera m'mabanja 9, angapo olowa ufumu mwa kupha mnzao, monga Zimiri amene analamulira masiku 7 okha. Mzere wa kumwera ufike pa 586 BC, ndipo kupatula zaka 6 za mfumukazi Ataliya, onse okhala pampando anali a banja la Davide. Musanene kuti Yuda anali wolungama, chifukwa 1 Mafumu 14:22-24 ikumutsutsa nthawi ya Rehobowamu yomweyo. M'malo mwake onetsani kuti pa mafumu oipa monga Abiya ndi Yehoramu, wolemba akubwerera ku nyale ija ya Davide pofotokoza chifukwa chimene ufumuwo sunafafanizidwe (1 Mafumu 15:4 ndi 2 Mafumu 8:19).

Phunziroli silikwana tsiku limodzi, choncho ndi bwino kuligawa pawiri, mutu 11 tsiku loyamba ndi mutu 12 tsiku lachiwiri. Zidutswa zija za nsalu musazitaye. Pa tsiku lachiwiri, mukabwerera ku mawu a pa 11:39 akuti osati mpaka muyaya, tsegulani Ezekieli 37:15-22, pamene mneneri wa ku ukapolo ku Babiloni akuuzidwa kutenga ndodo ziwiri, ina yolembedwa Yuda ina yolembedwa Yosefe, naziphatikiza m'dzanja lake kuti zikhale imodzi pansi pa mfumu imodzi. Pemphani amene anatenga zidutswa 10 uja kuti aziike pa tebulo pamodzi ndi ziwiri zotsalazo, ndipo mulole ophunzira awerenge mpaka vesi 24 kuti apeze okha dzina la mfumuyo.