Katemera wa BCG: Musachedwe Naye

Amayi anzanga, mwana akangobadwa funsani za katemera wa BCG, yemwe ndi wa chifuwa chachikulu (TB), musanatuluke m'chipatala. Amabaya kamodzi kokha, pakhungu la kumtunda kwa mkono. Mukaphonya tsiku lobadwa, pitani naye msanga kusikelo.

Katemerayu sateteza kotheratu ku chifuwa chachikulu, koma amathandiza kwambiri kupewa mtundu woopsa uja umene umagwira ubongo kapena kufalikira thupi lonse la khanda.

Nthawi zina ndi bwino kudikira. Mwana akapezeka ndi HIV, amayamba kaye ma ARV mpaka atapeza mphamvu. Ngati mayi ali ndi TB yopatsirana, khandalo limamwa kaye mankhwala oteteza, katemera amabwera pambuyo pake. Wobadwa akudwala kwambiri nayenso amadikira kuti achire. Choncho musawabisire adokotala za matenda a m'nyumba mwanu.

Mwana akabayidwa, pakatha milungu ingapo pamalo pomwe anabayapo pamatuluka kachotupa, kenako kachilonda, mwinanso timafinya. Ambiri amachita mantha apa, koma ndi mmene zimakhalira. Musafinye, musapakepo mankhwala alionse, muzingotsuka ndi madzi oyera. Padzatsala kachipsera. Koma mukaona mwanabere wamkulu m'khwapa, bwererani kuchipatala.