Magetsi a LED pa batire osaphethiranso

Magetsi akazima kuno ku Harare, ndimaunikira ndi chingwe cha LED cha 12V cholumikizidwa ku batire ya njinga yamoto. Koma chinkangophethira, kumapeto kwake kuwala mozilala. Ndinatchajanso batire, ndinasintha swichi, osathandiza.

Nditayeza ndi mita, pa batire panali 12.6V, koma pa magetsipo sizinkafika ngakhale 11. Vuto linali kawaya kopyapyala ka belu, mamita 6, kamene kankafunda ndikakagwira. Waya wowonda amadya mphamvu panjira. Ndinagula wa 1.5mm ku Mbare, ndinaufupikitsa, malo olumikizira ndinawotcherera ndi mtovu wosungunula (solder) m'malo mongopota. Fyuzi ya 3A ndinaiika pafupi penipeni ndi mutu wofiira wa batire, chifukwa mawaya akagundana batire imatha kuyatsa moto. Tsopano ana akuwerenga bwinobwino usiku.