Kuphunzitsa ulimi ku koleji kudzera m'munda wa ophunzira

Wophunzira atha kukhoza mayeso a feteleza koma osazindikira chimanga chosowa nayitrojeni chili pamaso pake. Sukulu ya ulimi ngati Bunda ili ndi malo, choncho apatseni ophunzira munda wawowawo. Kungogawa malo sikukwanira. Katswiri wa maphunziro David Kolb analongosola mu 1984 kuti munthu amaphunzira akachita chinthu, n'kuganizira zomwe zachitika, n'kupeza chifukwa chake, kenako n'kuyesanso. Ntchito ya m'munda wa ophunzira ikhale ndi magawo anayi onsewa.

Ikani ophunzira atatu pagulu. Akachuluka, ena amangoimirira. Gulu lililonse lipatseni malo a mamita 10 mbali zonse. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi paphando, monga mwa njira ya Sasakawa. Pamatuluka mizere 13 ya mapando 40, mbewu 520 zonse pamodzi. Patatha masiku khumi awerenge zomwe zamera, afotokoze okha komwe zina zapita.

Munda augawe pakati ndipo asinthe chinthu chimodzi chokha. Mwachitsanzo, mbali ina athire yureya patatha masiku 21 chimanga chitamera, inayo achedwetse mpaka sabata lachisanu ndi chimodzi. Akasinthanso mbewu kapena tsiku lopalira, pokolola sadzadziwa chomwe chabweretsa kusiyana. Asanathire, aliyense alembe zomwe akuyembekezera kuona. Apa m'pamene ambiri amadumpha, chonsecho phunziro lagona pomwepa: amene analemba kuti sipakhala kusiyana, akadzaona masamba am'munsi akuchita chikasu kuyambira kunsonga kutsata mtsempha wapakati, sadzaiwalanso.

Sabata lililonse alembe m'buku la munda tsiku, mvula yomwe yagwa, kutalika kwa mapesi khumi omwe anawaika chizindikiro, ndi mapesi angati ali ndi ntchemberezandonda m'kati mwa nsonga. Bukulo mulisayine muli m'munda momwemo. Mukadikira kumapeto kwa semesita, mudzalandira manambala olembedwa usiku umodzi.

Samalani kalendala. Mvula yobzalira imagwa mu Novembala kapena Disembala, ndiye kupalira ndi kuthira yureya kumagwera pa holide ya Khirisimasi. Gwirizanani msanga za amene atsale. Antchito a pafamu akawagwirira ntchitoyo, ophunzira adzapeza munda wokongola koma osadziwa chomwe chinachitika.

Pokolola, ayeze chimanga cha mbali iliyonse payokha chitauma kufika chinyezi cha 13 peresenti. Chosauma chimanamiza sikelo.

Malikisi musapereke potengera zokolola, chifukwa ena amathira feteleza wapadera mobisa kuti apambane. Perekani potengera buku la munda ndi momwe wophunzira akufotokozera zomwe zachitika, ngakhale munda utalephera. Funso lomaliza la lipoti likhale lakuti: chaka chamawa mungasinthe chiyani, ndipo mudzadziwa bwanji kuti zathandiza? Mayankhowo muwapatse ophunzira a chaka chotsatira akawayese pamalo omwewo.