Kutsutsana za a Bernie Sanders popanda kusokoneza mfundo

Mtsutso wa a Bernie Sanders, seneta wa boma la Vermont ku America amene anapikisana nawo pa zisankho zachipulula za chipani cha Democratic mu 2016 ndi 2020, umakonda kusokonekera pamalo amodzimodzi. Wina amati munthuyu wakhala ku Congress, nyumba ya malamulo ya America, kuyambira 1991 koma palibe lamulo lalikulu limene anakhazikitsa. Mnzake amayankha ndi nkhani ya khwimbi la anthu pamisonkhano yawo. Wachitatu amalowetsapo zoti otsatira awo ndiwo anapambanitsa a Donald Trump pa chisankho cha pulezidenti cha mu 2016. Apa pali mafunso awiri osiyana, ndipo muwalekanitse musanayambe: kodi ntchito yopanga malamulo amaitha? Nanga otsatira awo anachita chiyani iwo atagonja? Mukawaphatikiza, aliyense amathawira ku funso lomukomera akangopanikizika.

Pa funso loyambalo, gwirizanani kaye za muyezo. Anthu ambiri amawerenga mabilu amene phungu anabweretsa yekha nʼkukhala malamulo. Izi mutha kuziona pa Congress.gov: lembani dzina la munthuyo, sankhani mabilu amene iye ndi mwini wake, osati amene anangosainira pothandiza mnzake, kenako musiye okhawo amene anakhala malamulo. Pofika 2016 a Sanders anali ndi atatu okha. Awiri anali opatsa mayina mapositi ofesi ku Vermont, lachitatu linali la mu 2013 lokweza ndalama za asilikali akale molingana ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Ngati muli kumbali yawo, musakane chiwerengerochi, chifukwa nʼchoona.

Chimene mungatsutse ndi muyezowo. Pa zaka ziwiri zilizonse ku Congress kumabwera mabilu oposa 10,000, ndipo amene amadutsa ndi mazana ochepa chabe. Malamulo akuluakulu amatuluka ndi dzina la wapampando wa komiti kapena mtsogoleri wa chipani chokhala ndi aphungu ambiri, ngakhale ndime zake zinalembedwa ndi anthu makumi angapo. Komanso ku Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za Congress, bilu yambiri imafuna mavoti 60 mwa 100 kuti zokambirana zitsekedwe nʼkuyamba kuvota. Choncho musafunse kuti atatu ndi ambiri kapena ochepa. Yerekezani ndi maseneta ena atatu kapena anayi amene anakhala zaka zofanana, ndipo muone kuti pa zakazo chipani chawo chinali ndi mphamvu kangati. Bungwe la Center for Effective Lawmaking, la mayunivesite a Virginia ndi Vanderbilt, limapereka malikisi kwa phungu aliyense, koma werengani kaye momwe limawerengera, popeza limayangʼana kwambiri mabilu amene munthu anabweretsa yekha.

Tsono bwerani pa zosintha mʼmabilu a anthu ena, pamene pali mphamvu zenizeni za a Sanders. Mu 2005 magazini ya Rolling Stone inawatcha mfumu ya zosintha, chifukwa nthawi imene chipani cha Republican chinkalamulira House of Representatives, nyumba ina ya Congress imene iwo analimo panthawiyo, kuyambira 1995, iwo ndiwo anadutsitsa zosintha zambiri kuposa phungu aliyense pa mavoti oitana mayina, pamene voti ya phungu aliyense imalembedwa. Mawu akuti oitana mayina ndi ofunika. Zosintha zambiri zimadutsa pongovomera ndi pakamwa, ndipo pamenepo ena anawaposa. Amene akutchula dzina la ufumuli osanena malire ake akukokomeza.

Pali ntchito zitatu zimene wotsutsa aliyense woona mtima ayenera kuzivomera. Mu lamulo la zaumoyo la a Barack Obama la mu 2010, a Sanders analimbikira kuti mulowe madola 11 biliyoni a zipatala zingʼonozingʼono za mʼmadera. Chaka chomwecho, mu lamulo la Dodd-Frank loyendetsera mabanki, anaikitsamo ndime yolamula kuti ngongole zimene banki yaikulu ya dzikolo inapereka pa nthawi ya mavuto a zachuma zifufuzidwe, ndipo maseneta 96 anavomera popanda wokana. Mu 2014, ali wapampando wa komiti yoona za asilikali akale, anakambirana ndi a John McCain a chipani cha Republican mpaka kutulutsa lamulo la ndalama pafupifupi madola 16 biliyoni, zipatala za asilikaliwa zitapezeka kuti zinkabisa kutalika kwa nthawi imene odwala ankadikira. Palibe ngakhale imodzi mwa ntchitozi imene imapezeka pa mndandanda wa mabilu atatu uja.

Koma mbali inayo nayo ili ndi umboni wolimba, ndipo ndi uwu umene okonda a Sanders amaudumpha. Mfundo zazikulu zimene ankachitira kampeni sizinakhale malamulo. Bilu ya Medicare for All ya mu 2017, yoti boma lizilipirira chithandizo cha zaumoyo cha aliyense, inapeza maseneta 16 oithandizira, kuchoka pa kusowa ngakhale mmodzi zaka zinayi mʼmbuyomo, komabe sinafike pa voti. Mu March 2021 pempho lawo loti malipiro otsikitsitsa akhale madola 15 pa ola linagwa ndi mavoti 42 kwa 58, ndipo asanu ndi atatu mwa okanawo anali a mbali yawo yomwe. Chigamulo choletsa America kuthandiza nkhondo ya ku Yemen chinadutsa nyumba zonse ziwiri mu 2019, a Trump nʼkuchikana, ndipo mavoti oti agonjetse kukanako sanakwane. Kwa munthu wofuna kukhala pulezidenti, kulephera kukopa maseneta a mbali yake pa nkhani imene amaikonda kwambiri si chinthu chochepa. Ife timaona kuti chilungamo chili apa: amatha kulowetsa ndime mʼmalamulo a ena ndi kusintha zimene chipani chikukambirana, koma sanasonyeze kuti angasonkhanitse mavoti a lamulo lalikulu lawolawo.

Pali mtundu wina wa umboni umene muyenera kuusamala. Mu 2018 a Sanders anabweretsa bilu yolimbana ndi makampani olipira pangʼono, ndipo patangopita milungu yochepa Amazon inalengeza malipiro a madola 15 pa ola. Biluyo sinadutse. Mungati anathandiza kukakamiza kampaniyo, koma simungati ndi okhawo anachititsa, popeza nthawiyo antchito ankasowa ndipo makampani ankalimbirana anthu.

Funso la otsatira limafuna kusamala kwina. Choyamba, tanthauzirani kusakhulupirika. Kuvotera a Trump, kuvotera a Jill Stein a Green Party, ndi kukhala pakhomo osavota ndi zinthu zitatu zosiyana. Kafukufuku wamkulu wa Cooperative Congressional Election Study, monga anaufotokozera katswiri wa zandale a Brian Schaffner, anapeza kuti pafupifupi 12 mwa anthu 100 alionse amene anavotera a Sanders pa zachipulula mu 2016 anadzavotera a Trump. A Trump anapambana ku Michigan, Wisconsin ndi Pennsylvania ndi mavoti osakwana 80,000 onse pamodzi, ndipo ku Michigan kusiyana kunali kosakwana 11,000. Ndiye nʼzoona kuti anthu amenewa akanatha kusintha zotsatira.

Musaimire pomwepo. Kusiyana kukachepa chonchi, gulu lililonse likhoza kupatsidwa mlandu womwewo, kuphatikizapo amene anavotera a Obama mu 2012 nʼkusavota mu 2016. Funsaninso ngati 12 ndi wachilendo. Mu 2008, mwa amene anavotera mayi Hillary Clinton pa zachipulula, gawo lofanana kapena loposa pamenepa linapita kwa a McCain, amene ankapikisana ndi a Obama pa upulezidenti, malinga ndi kafukufuku amene mwatenga. Ndipo onani kuti anthuwo anali ndani. Ambiri mwa amene anachoka kwa a Sanders kupita kwa a Trump sanali a Democratic enieni, ndipo ntchito za a Obama sankazikonda. Mʼmaboma ngati Michigan ndi Wisconsin aliyense amaloledwa kuvota pa zachipulula za chipani chilichonse, pamene ku West Virginia kuli anthu ambiri olembetsa ku Democratic amene akhala akuvotera Republican pa upulezidenti kwa zaka zambiri. Otere sanathawe chipani, sanalimo nʼkale.

Lekanitsaninso zochita za mtsogoleri ndi za omutsatira. A Sanders anavomereza mayi Clinton, amene anawagonjetsa pa zachipulula, pa 12 July 2016 ku New Hampshire nʼkuwachitira kampeni. Otsutsa amati anachedwa, popeza zachipulula zinatha mu June, ndipo mfundoyi ndi yomveka. Mu 2020 anasiya mpikisano pa 8 April, nʼkuvomereza a Joe Biden patangopita masiku asanu. Za gulu la Bernie or Bust, lokana kuvotera wina aliyense wa Democratic kupatula a Sanders, ndi kutukwana kwa pa Twitter, musazikane kuti kunalibe, koma musazitengenso ngati chithunzi cha anthu oposa 13 miliyoni amene anawavotera mu 2016. Mnzanu akabweretsa chithunzi cha uthenga wachipongwe, mufunseni kuti chikuimira ovota angati, ndipo akubweretsereni kafukufuku wa ovota enieni wosonyeza chaka chake ndi funso limene anafunsidwa.