Ma CO amene mukufuna kuyima panokha, yambirani apa

Ku America nkhani ya ma physician assistant (PA), anthu oona odwala ngati ma clinical officer athu kuno, yatentha zaka zimenezi. Ntchitoyi inayambira ku Duke University mu 1965, ndipo kwa nthawi yaitali PA samaloledwa kugwira ntchito opanda dokotala wamkulu woti amusainire kuti akumuyang'anira. Pano madera ena akumasula. North Dakota inasintha lamulo lake mu 2019, Utah mu 2021 inati ukakwanitsa maola 10,000 ukhoza kugwira wekha, Iowa mu 2023 inaika maola 8,000, zomwe ndi pafupifupi zaka zinayi za ntchito ya tsiku ndi tsiku.

Kuno ku Malawi ma clinical officer (CO) ndi ma medical assistant (MA) amangoseka akamva zimenezi, chifukwa pa health centre ya ku Jali kapena ku Thondwe amene anthu amati adokotala ndi iyeyo basi, ndipo m'zipatala za m'maboma sizala zambiri amapanga ndi ma CO. Koma kuyima wekha chifukwa palibe wina ndi kuyima wekha mwalamulo ndi zinthu ziwiri. Ndiye ngati maloto anu ndi kiliniki yanu, kaya pa Chinamwali kaya pa Songani, nazi zoti muchite, ndipo ndandanda wake osausokoneza.

Yambani ndi mapepala anu, osati nyumba. Ambiri amathamangira kulipira lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, kupentetsa, kulembetsa chikwangwani, kenako ndi pamene akukumbukira Medical Council of Malawi. Khonsoloyi inakhazikitsidwa ndi Medical Practitioners and Dentists Act ya 1987 ndipo ndiyo imalembetsa madokotala, ma CO ndi ma MA, komanso kupereka chilolezo cha kiliniki ya pulayiveti. Dipuloma yanu, kaya ya ku Malawi College of Health Sciences kaya ya ku Malamulo, kalata yoti munamaliza internship, malisiti a chaka ndi chaka, ma point a CPD (maphunziro oonjezera muli kale pantchito), zonse zikhale mufayilo imodzi. Kenako atumizireni kalata yopempha fomu ndi mndandanda wa zomwe amafuna pa kiliniki ya msinkhu wanu. Zizibwera zolembedwa, za "anandiuza pa foni" sizithandiza tsiku la inspection.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ndikakamire, lembani ntchito yanu. Taonani malamulo a ku America aja, onse akuwerenga maola, akufuna umboni woti munthu wagwiradi ntchito pamaso pa wamkulu. Ife logbook timaisiya tsiku lomaliza internship, kenako zaka zisanu ndi zitatu zimadutsa munthu akupanga masizala usiku, kutumbula zithupsa, kuika ma POP (chikhakha cha othyoka mafupa), koma pepala losonyeza zimenezo alibe. Gulani hardcover imodzi. Tsiku, nambala ya fayilo osati dzina la wodwala, chomwe munapeza, chomwe munachita, zinatha bwanji, ndi siginecha ya wamkulu mwezi ukamatha. Zomwe sizinayende bwino muzilembenso, buku lokhala ndi zabwino zokhazokha palibe amalikhulupirira. Bukuli lidzakuthandizani popempha chilolezo, popempha malo a digiri ku KUHeS, ndipo tsiku limene lamulo lathu lidzakambidwenso ku Nyumba ya Malamulo, a PAUM, bungwe la ma physician assistant kuno, adzalankhula ndi zinthu zooneka m'manja m'malo mongoti timagwira ntchito kwambiri.

Ngati mudakali m'boma kapena ku CHAM (zipatala za mishoni), werengani bwino zomwe kontrakiti yanu ndi malamulo a ntchito akunena pa za pulayiveti musanayambe chilichonse. Mankhwala a boma olembedwa MG akapezeka pashelefu panu, nkhani yake ndi ya apolisi.

Nyumba ikubwera tsopano. Pofunika madzi a pampopi ndi sinki m'chipinda choonera odwala, chimbudzi cha odwala, bedi lopimira lokhala ndi katani, malo odikirira oti mphepo izidutsa poti a chifuwa amabwera ambiri, chophikira zida, ndi njira yotayira majakisoni ndi mabandeji ogwiritsa kale ntchito. Kadzenje kuseri kwa nyumba komwe ana a neba amasewerako si njira ayi. Ngati musunge mankhwala, zimenezo ndi za PMRA, bungwe loona za mankhwala, ndipo filiji yanu iganizireni magetsi akathima. Layisensi ya bizinesi ndi ku Zomba City Council, kapena kukhonsolo ya boma ngati muli kunja kwa tauni. Nesi amene mulembe ntchito akhale wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council, msuweni wanu amene anaphunzira kubaya poonerera ayi ndithu.

Musanatsegule khalani pansi mulembe zomwe simudzachita pakiliniki panu. Zikumveka zachilendo koma ndalama ikayamba kulowa malire amasuntha okha. Malungo wamba, BP, shuga, mabala, zimenezo zili bwino. Koma mwana wa malungo amene wakomoka kapena zikhatho zayera mbee, mayi woyembekezera amene BP yakwera ndipo mutu ukumupweteka, mimba yolimba ngati thabwa, ameneyo mpatseni chithandizo choyamba azipita ku Zomba Central pompo, osamugoneka pa drip mpaka madzulo kuti bilu ikwere. Amene wasokonezeka maganizo mwayi tili nawo, Zomba Mental Hospital ili konkuno.

Ndiye rifero muikonzeretu. Mukhale ndi nambala ya munthu wa galimoto amene amayankha ngakhale 2 koloko usiku, chifukwa kabaza sanganyamule mayi amene akutaya magazi. Kalata yotumizira ikhale yodindiratu, yokhala ndi malo olemba nthawi, BP, kutentha kwa thupi, mankhwala omwe mwapereka ndi mlingo wake, kuti wolandira asayambirenso pachiyambi kapena kubwereza jakisoni yemwe mwabaya kale. Pezaninso dokotala mmodzi kapena CO wamkulu amene wavomera kuti muzimuimbira mukakayika, muzikumana naye kamodzi pamwezi ndi mafayilo atatu kapena anayi amene anakuvutani. Mukawatumiza odwala muziimba kuchipatalako mawa lake kufunsa kuti anapeza chiyani, yankho lake mulembe mu hardcover muja.