Magolovesi si manja osamba

Anamwino, azamba, madokotala ndi nonse ogwira ntchito m'wodi, tiyeni tikambirane za magolovesi. Ambirife tikangowavala timaona ngati manja ayera basi. Munthu wavala peya imodzi, watsukira chilonda cha wodwala uyu, wakankha bedi, wayankha foni, kenako wagwira diripi ya wodwala wina. Khungu lake lotetezeka ndithu, koma tizilombo wachita kutinyamula n'kukatitula pa munthu wachiwiriyo.

Peya imodzi ndi ya ntchito imodzi pa wodwala mmodzi. Yeretsani manja musanavale komanso mukavula, chifukwa magolovesi amatha kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo povula zala zimakhudza kunja kwake.

Nkhani ya manjayi inayamba kalekale. Mu 1847, ku chipatala chachikulu cha ku Vienna, m'dziko la Austria, dokotala Ignaz Semmelweis anaona kuti madokotala ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukapima amayi oyembekezera. Atalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini, imfa za amayi m'wodimo zinatsika kuchoka pa 18 mwa 100 alionse mu Epulo kufika pa 2 pofika Juni. Anzake ambiri sanamumvere, mwina poti n'kovuta kuvomera kuti matenda akuchokera m'manja mwako.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2009, linatchula nthawi zisanu zoyeretsa manja: musanakhudze wodwala, musanagwire ntchito yofuna ukhondo wapadera monga kubaya jakisoni kapena kuika chubu cha mkodzo, mukakhudza magazi, mafinya kapena mkodzo, mukamaliza kukhudza wodwala, ndiponso mukagwira zinthu zomuzungulira ngati zofunda ndi kabati yake. Zitatu zomalizazi sitiiwala kwenikweni, poti timadziopera tokha. Zimene timadumpha ndi ziwiri zoyambazo, zomwe zimateteza wodwalayo.

Manja akakhala osaoneka litsiro, mankhwala a sipiriti opaka m'manja ndi okwanira. Thirani odzadza chikhatho, tikitani masekondi 20 mpaka 30 kufikira ataumiratu okha, osapukutira pa yunifolomu. Koma ngati pali magazi kapena zonyansa zooneka, ngati mwachokera kuchimbudzi, kapena wodwala akutsegula m'mimba chifukwa cha kachilombo ka Clostridioides difficile, kamene njere zake sizifa ndi sipiriti, pitani pampopi ndi sopo, masekondi 40 mpaka 60. Samalani nsonga za zala, chala chachikulu ndi mipata ya pakati pa zala, pakuti ambiri amangopekesa zikhatho n'kuchoka. Zikhadabo zikhale zazifupi, zoikirira ayi, mphete ndi wotchi zivulidwe. Thaulo limodzi lopukutira wodi yonse limabwezera zonse zomwe mwatsuka, ndiye pukutirani chotaya ndipo tsekerani mpopi chomwecho kapena chigongono.

Tikafika pomanga chilonda kapena kusoka, kusamba kokha sikukwana. Zida ziyambe zatsukidwa bwino zisanalowe mu autoclave, makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, chifukwa magazi oumira m'mano a sizasi kapena chopanira amabisa tizilombo kuti nthunzi isatifikire, ngakhale itatentha madigiri 121. Paketi ya zida yonyowa, yong'ambika kapena imene tepi yake sinasinthe mtundu kusonyeza kuti yadutsa mu autoclave musaigwiritse ntchito.

Potsegula paketi yambani ndi mbali ya kutali ndi inu, kenako za m'mbali, ya kwa inu pomaliza, kuti mkono usadutse pamwamba pa zida. M'mphepete mwa nsalu, masentimita awiri ndi theka, muziwerengera kuti n'modetsedwa kale. Mukavala magolovesi a sitera, opanda tizilombo, manja akhale pamwamba pa chiuno, pamene mukuwaona. Mphuno ikayabwa ipirireni. Mnzanu wothira mankhwala m'kabakuli asagunditse botolo, asadontheze pansalu, poti nsalu ikanyowa tizilombo ta patebulo timakwera.

Chilonda chitsukeni kuchokera pamalo oyera kwambiri kupita kunja, kathonje kamodzi ulendo umodzi, n'kutaya. Chopanira chikagunda bedi, kapena mukungokayikira kuti mwina chagunda, chiikeni pambali mutenge china. Ndipo mukaona wamkulu wanu wakhudza posayenera, muuzeni pomwepo mwaulemu kuti, "Adokotala, golovesiyo yagunda, ina nayi."