Kafufuzidwe ka mbiri ya General Northey muli ku Lilongwe konkuno

Mukafuna kulemba mbiri ya mkulu wa asilikali a ku Britain amene anagwirapo ntchito m'dziko muno, yambirani pa London Gazette. Imeneyi ndi nyuzipepala ya boma la Britain, ndipo imawerengedwa ulere pa intaneti. Ofesala akalowa usilikali, akakwezedwa, akalandira mendulo kapena akapuma, zimalembedwa mmenemo. Chofunika ndi bandulo, kope ndi cholembera basi.

Titenge Edward Northey, amene anatsogolera asilikali a Nyasaland ndi Rhodesia pomenyana ndi Ajeremani kuyambira mu 1916, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse imene kuno imatchedwa nkhondo ya Chiwaya. Anabadwa mu 1868, analowa gulu la King's Royal Rifle Corps mu 1888, anakhala bwanamkubwa wa Kenya kuyambira 1919 mpaka 1922, ndipo anamwalira mu 1953. Zaka zimenezi ndizo malire a kusaka kwanu. Lembani "E. Northey", osati dzina lonse, chifukwa nthawi zambiri Gazette imangoika chilembo choyamba. Sakani zaka ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi. Masamba akale anachita kujambulidwa, ndiye makina amaphonya zilembo zina. Dzina likapanda kutuluka, yesani dzina la gulu lake.

M'kope mwanu dulani mizere inayi: tsiku lolengeza, tsiku limene udindo unayamba, udindowo, ndi gulu. Masiku awiri oyambawo musawaphatikize. Chilengezo chinkatha kutuluka patapita masabata kapena miyezi munthu atayamba kale udindo, ndipo apa mpamene olemba ambiri amasemphana zaka.

Maudindo ndiwo amasokoneza kwambiri. Ndondomeko yake pamwamba ndi iyi: Colonel, Brigadier, Major General, Lieutenant General, General, kenako Field Marshal. Inde, Lieutenant General ndi wamkulu kuposa Major General, ngakhale kuti Major amaposa Lieutenant. M'masiku a Northey udindo wa Brigadier unkatchedwa Brigadier-General, ndipo unali wongogwirizira: ntchito ikatha, munthu ankabwerera pa udindo wake weniweni. Mukaona mawu akuti "temp." kapena "acting", koperani momwemo. Mukawasiya, mudzaganiza kuti munthu anatsitsidwa udindo pomwe sizinali choncho.

Mayina a malo nawo anasintha. Fort Johnston ndi Mangochi, Neu Langenburg ndi Tukuyu ku Tanzania, ndipo Abercorn, kumene mkulu wa asilikali a Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, anagonjera pa 25 November 1918, ndi Mbala ku Zambia. Sakani ndi dzina lakale, koma polemba tchulani onse awiri.

Gazette siifotokoza zomwe zinkachitika kunkhondo tsiku ndi tsiku. Zimenezo zili m'madayale a magulu a asilikali, omwe amasungidwa ku National Archives ya ku Kew, London, pa nambala ya WO 95. Mndandanda wake umasakidwa pa intaneti.

Za kwathu kuno zili ku National Archives ku Zomba. Funsani zomwe amafuna kwa wofufuza musanakwere basi. Kumeneko yang'anani mafayilo a maboma, chifukwa atengatenga amene anasenza chakudya ndi zipolopolo za asilikali a Northey pa nkhondo ya Chiwaya ija simudzawapeza mu Gazette. Mwa anthuwo ambiri anafera m'njira ndi njala komanso matenda. Ngati kwanu kuli agogo amene anamva za nkhondoyi kwa makolo awo, ajambuleni mawu pa foni, ndipo mulembe mudzi, mfumu ndi tsiku limene munacheza nawo.